Ulendo woyamba wa ski ndi snowboard: tinyamule zowonjezera ziti?

Thoko: Moni nonse pagulu pano. Mwezi wamawa ine ndi amuna anga tikupita kumapiri a chipale chofewa, ine ndikayesa ski (kutsetsereka pa timatabwa tiwiri, mwendo uliwonse kake), iwo akuti snowboard (thabwa limodzi la miyendo yonse). Ma ski, mabuti ndi ndodo tikabwereka komweko. Majekete ndi mathalauza osalowa madzi tili nawo kale. Funso langa lili pa tinthu tina timene munthu sakakamizidwa kukhala nato, koma timapangitsa kuti tsiku likome. M'sitolo ya zamasewera katundu ndi mbwee, ndipo wogulitsa akuti zonse n'zofunika. Inu odziwa tandithandizeni, ziti zoyenera kugula, ziti zongokometsera?

aPhiri: Zikomo achemwali. Yambani ndi maso. Anthu ambiri amada nkhawa ndi kuzizira n'kuiwala dzuwa, pomwe kumtunda dzuwa limawotcha kuposa kumunsi. Cheza cha dzuwa chowotcha khungu ndi maso, chotchedwa UV, chimawonjezeka ndi 10 peresenti kapena kupitirirako pang'ono pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndiye chipale chofewa chongogwa kumene chimabwezanso mpaka 80 peresenti ya chezacho. Kuwala kumakupezani kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Maso akapsa simudziwa nthawi yomweyo. Ululu umayamba madzulo, pakapita maola angapo, misozi chuchuchu, m'maso ngati mwalowa mchenga. Ndiye ma goggles, mandala aakulu a lamba otchinga maso mbali zonse, ine sindiwaika m'gulu la zowonjezera n'komwe.

Thoko: Mandala a dzuwa wamba sangakwanire?

aPhiri: Kukakhala kowala, mphepo kulibe, ndipo mukuyenda pang'onopang'ono, akhoza kugwira ntchito. Koma mphepo imalowera m'mbali, ndipo mukagwa amathothoka kapena kukubayani pamphuno. Chipale chikayamba kugwa ndiye alibenso ntchito.

Yamikani: Ndiwonjezereko pa zimene anena aPhiri. Pogula ma goggles yang'anani nambala yolembedwa kuti VLT. Imasonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene galasi likulola kuti kudutse. Gulu la S3 limalola 8 mpaka 18 peresenti, limenelo ndi la tsiku la dzuwa. S2 ndi la pakati, 18 mpaka 43. S1 limalola 43 mpaka 80 peresenti, nthawi zambiri limakhala lachikasu kapena lapinki, la tsiku la mitambo ndi nkhungu. Tsiku la mitambo ndiye lovuta, chifukwa pansi ponse pamaoneka poyera mofanana, osasiyanitsa chitunda ndi dzenje. Ndi galasi lakuda pa tsiku ngati limenelo mumangomva miyendo ikudabwa. Ngati mugula peyala imodzi yokha, tengani S2, kapena imene imabwera ndi magalasi awiri osinthanitsa. Aliponso osintha mtundu okha malinga ndi kuwala, koma ndi odula, ulendo woyamba musavutike nawo.

aNambewe: Ndipo akachita nthunzi mkati, chonde musapukute ndi chala kapena golovesi. Mkatimo anapakamo mankhwala oletsa nthunzi, akanyowa amafewa, mukapukuta mwawachotsa basi. Akutumuleni kuti madzi achoke, asiyeni aume okha. Musawakwezenso pachipumi mukatuluka thukuta. Aikeni pamwamba pa helemeti youma kapena m'kathumba kake kansalu.

Chisomo: Ine ndimavala mandala a maso, popanda iwo sindiona. Pamenepo nditani?

Yamikani: Funsani olembedwa OTG, achemwali. Ndi akuya, ndipo m'mbali ali ndi timipata todutsa miyendo ya mandala. Pitani nawo mandalawo kusitolo mukayese zonse pamodzi. Ena amasankha ma contact lens, timandala toika padiso penipeni, kuti athane ndi vuto la nthunzi pamagalasi awiri.

aNambewe: A Thoko, musaiwale mafuta oteteza khungu ku dzuwa, nambala ya mphamvu yake yolembedwa SPF ikhale 30 kupita m'mwamba, ine ndimatenga 50. Mudzole pansi pa mphuno ndi pansi pa chibwano, chifukwa kuwala kochokera pansi kumafika kumeneko. Wina asakunamizeni kuti khungu lakuda silipsa, limapsa ndithu n'kusupuka. Kenako kamafuta ka milomo kokhala ndi SPF. Mpweya wa kumtunda ndi wouma kwambiri, milomo imang'ambika tsiku lomwelo.

Dalitso: Abale, mndandanda ukayamba chonchi tifika nawo ku sutikesi. Ine maganizo anga ndi akuti woyamba kumene asagule zambiri. Mwina akakagwa kawiri katatu adzanena kuti masewera amenewa si anga, katundu n'kumangokhala m'kabati.

aPhiri: Pamenepo mwanena zoona achimwene, koma taonani mbali inayi. Ambiri amene amati masewerawa si anga amanena choncho chifukwa zala zinachita dzanzi, maso samaona, matako akupweteka. Akanakhala ndi tinthu titatu tinayi akanatha tsiku lonse paphiri n'kuphunzira kukhota. Ine muyeso wanga ndi umenewo: chinthu chimene chikuchititseni kukhalabe panja masana m'malo mokabisala m'lesitilanti, gulani. China chilichonse chidikire.

Dalitso: Chabwino, muyeso umenewo ndaulandira. Ndiye masokosi alowe poyamba.

Mphatso: Eya, masokosi! Apa ndi pamene oyamba amasochera. Amaganiza kuti akavala mapeyala awiri kapena sokosi yokhuthala afunda. Zimatembenuka. Buti ya ski imagwira phazi zolimba, ndiye mukathinitsanso ndi masokosi ambiri magazi sayenda bwino, phazi limazizira msanga, ndipo pamene sokosi yapindika pamatuluka thuza. Peyala imodzi yokha, yopyapyala, yofika pansi pa bondo, ya ubweya wa nkhosa za merino kapena ulusi wopanga. Ya thonje ayi. Thonje likamwa thukuta silifuna kuuma, limangokuzizitsani. N'chimodzimodzi malaya amkati. Ndipo mubuti musalowetsemo mwendo wa thalauza yamkati, mulowe sokosi yokha.

Thoko: Ndalemba. Nanga m'manja? Ine zala zanga zimazizira msanga ngakhale kunja kusanazizire kwenikweni.

aNambewe: Ndiye inu musagule magolovesi a zalazala. Tengani aja otsekera zala zonse m'thumba limodzi, chala chachikulu chokha padera. Zala zikakhala pamodzi zimafunditsana. Mkati muvale timagolovesi topyapyala, kuti mukavula akuluwo pojambula chithunzi kapena pomanga buti dzanja lisakhale pamtunda. Onetsetsaninso kuti ali ndi kachingwe kokoleka pamkono. Pansi pa lifiti ya mipando, imene imakweza anthu kuphiri, pamakhala magolovesi ambirimbiri osowa eni ake, ndipo akagwa pamenepo simungatsike kukatola.

Mphatso: Palinso timapaketi totenthetsa m'manja. Mkati mwake muli ufa wa chitsulo, mchere ndi makala. Mukang'amba pepala lakunja, mpweya umalowa, chitsulo chimayamba kuchita dzimbiri mofulumira, kutenthako kumachokera pamenepo. Abwino amatha maola 8 kapena kuposerapo. Atseguleni mukadali m'nyumba, mphindi zingapo musanatuluke, kuti ayambe kaye kutentha. Mukaweruka msanga, atsekereni m'kajumbo ka zipi kosalowa mpweya, amazima, mawa mukatsegula amayambiranso. A kumapazi ndi ena, anawapanga kuti azigwira ntchito mumpweya wochepa, ndipo mumamata pamwamba pa sokosi, osati pakhungu.

Yamikani: Aja a madzi mkati, okhala ndi kachitsulo kothyola, amene mumawiritsa kuti mugwiritsenso ntchito, musawadalire paphiri. Amatentha bwino koma ola silikwana.

Dalitso: Tsopano za amuna anu a Thoko. Ngati akuyamba snowboard, mawu anga oti musagule zambiri ndikuwabweza pa zinthu ziwiri. Choyamba zoteteza pamfundo ya dzanja. Wa snowboard miyendo yonse imakhala yomangidwa pathabwa limodzi, ndiye akaphonya, chimene chimathamangira pansi ndi manja. Kuthyoka pamfundo imeneyi ndi ngozi yodziwika kwambiri kwa oyamba snowboard. Chachiwiri kabudula wokhala ndi zofewa m'matako ndi m'chiuno, wovala mkati mwa thalauza. Masiku oyamba munthu amagwa chagada kosawerengeka, ndipo kafupa ka kumunsi kwa msana kakapweteka kamatenga masabata kuti kapole. Kabudulayo amathandizanso pokhala pansi pomanga zingwe za thabwa, kuzizira sikulowa.

Thoko: Kkkk ndawawerengera, akuti kabudula wa matako sangavale, anthu awaseka.

aNambewe: Auzeni bambowo kuti saoneka, amakhala mkati. Amene amasekedwa ndi uja amadya chakudya chamadzulo ali chiimire chifukwa mpando wakanika.

Dalitso: Agulenso ka stomp pad, kachidutswa kokhakhala komata pathabwa pakati pa miyendo. Potsika lifiti mwendo umodzi umakhala wosamanga, ndiye umafuna popondapo posaterera. Ngati thabwa ndi lobwereka angofunsa ngati lili nako kale. Kasikuludalaiva kam'thumba nakonso n'kothandiza, zomangira za snowboard zimakhwefuka. Koma malo ambiri amaika zida pafupi ndi lifiti, ndiye chimenecho chingadikire.

Chisomo: Nanga a ski safunika zoteteza manja?

aPhiri: A ski vuto lawo lalikulu ndi mawondo, kenako chala chachikulu cha dzanja. Munthu akagwa ndodo ili m'manja, chogwirira chimakankhira chalacho kunja, mtsempha n'kung'ambika. Mankhwala ake si kugula chinthu. Lowetsani dzanja m'lamba wa ndodo kuchokera pansi, kenako mugwire lamba ndi ndodo pamodzi, ndipo mukamagwa itayeni. Za mawondo, pobwereka ma ski akufunsani kulemera kwanu, kutalika, zaka ndi luso lanu. Nenani zoona zokhazokha, chifukwa manambala amenewo ndi amene amachunira zomangira buti pa ski kuti zimasuke mukagwa. Wodzichepetsa makilogalamu kapena wodzikweza luso amadzipweteka yekha.

Yamikani: Palibe amene watchula helemeti mpaka pano?

Dalitso: Helemeti amabwereketsa, sikofunika kugula.

Yamikani: Kubwereka kapena kugula zili kwa iwo, koma ivalidwe. Ku Italy lamulo linayamba kukakamiza ana osakwana zaka 18 mu Januwale 2022, ndipo kuyambira Novembala 2025 ndi aliyense, wamkulu yemwe. Kumeneko amafunanso inshuwalansi yolipira munthu wina mukamuvulaza. Ndiye a Thoko, fufuzani malamulo a dziko limene mukupita. Mukagula, yang'anani mkati chizindikiro cha EN 1077 kapena ASTM F2040. Ya njinga si yomweyo. Zina zili ndi MIPS, luso lochokera ku Sweden: kachigoba kamkati kamene kamasuntha pang'ono mutu ukamenya pansi mopendekeka, kuti mphamvu yopotokola ubongo ichepe.

Dalitso: Koma Michael Schumacher, katswiri wa mpikisano wa magalimoto uja, anavala helemeti pamene anagwa pa ski ku Méribel, ku France, mu Disembala 2013, n'kuvulalabe koopsa.

Yamikani: Anavala, ndipo anamenya mwala. Madokotala amene anamulandira ku Grenoble ananena kuti popanda helemetiyo sakanafika wamoyo. Helemeti si chithumwa, achimwene, pa liwiro lalikulu ili ndi malire ake. Koma kugwa kwa tsiku ndi tsiku, kumenya chipale choundana kapena kugundana ndi mnzako, imachepetsa kwambiri. Imafundanso kuposa chipewa cha ubweya. Ndipo ikamenyedwa kamodzi mwamphamvu, ntchito yake yatha ngakhale kunja ikuoneka yabwinobwino. N'chifukwa chake yogula kwa munthu wina ine ndimaikana.

aNambewe: Muyese helemeti ndi ma goggles limodzi. Pakatsala mpata pachipumi, mphepo imalasa pamenepo mpaka mutu kuwawa.

Mphatso: Kansalu kozungulira khosi, kaja kosokedwa ngati paipi, n'kotchipa koma ntchito yake ndi yaikulu. Pa lifiti mumakokera kumphuno, potsetsereka mumatsitsa. Sikafu yaitali ayi, imatha kukodwa pa lifiti. Nyamulani tiwiri, chifukwa mpweya wopuma umanyowetsa kansaluko kenako kamauma gwa ndi kuzizira. Musakalowetse pansi pa ma goggles, mpweya wanu wofunda umakwera n'kuchititsa nthunzi.

Chisomo: Funso lina. Chikwama chakumsana n'chofunika? Ndimaona ena nacho ena alibe.

aPhiri: Apa timasiyana maganizo. Ine ndimati m'malo okonzedwa, momwe muli malifiti ndi malesitilanti, matumba a jekete akwanira. Chikwama chimakukankhirani kutsogolo pampando wa lifiti, ndipo malamba ake olendewera amatha kukodwa potsika. Malo ambiri amalamula kuti muchivule n'kuchinyamula pamiyendo. Kwa woyamba kumene, amene akulimbana kale ndi ndodo ndi ma ski, chimenecho ndi chintchito china.

aNambewe: Koma aPhiri inu mumayenda nokha. Mukakhala ndi ana, magolovesi apadera, madzi, tokamula, kajuzi kowonjezera, zonsezi m'matumba sizikwana. Kachikwama kakang'ono kaphwatalala, ka malita 10 mpaka 15, malamba atapindidwa bwino, sikavuta. Musaikemo chinthu cholimba ngati fulasiki yachitsulo molunjika msana, mukagwa chagada chikupwetekani.

aPhiri: Pa ana ndagonja, mayi.

Mphatso: Madziwo ndi nkhani. Kukazizira ludzu silimveka, koma mpweya wouma wa kumtunda umakumwani madzi popuma pomwe, ndipo mutu umene anthu amadandaula masana nthawi zambiri umachokera pamenepo. Thumba la madzi la paipi ndi labwino, koma paipiyo imaundana. Mukamwa, uzirani mpweya kuti madzi abwerere m'thumba. Ine ndimakonda kabotolo kofewa kopindika, m'thumba lamkati la jekete. Tokamula tisankhe tosauma gwa, ndipo tikhalenso mkati pafupi ndi thupi, apo ayi chokoleti chimasanduka mwala. Kabotolo ka mowa kaja ena amanyamula kuti kawafunditse ndi bodza. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, mumamva kufunda pomwe thupi likutaya kutentha.

Yamikani: Foni nayo m'thumba lamkati. Batire ya lithium ikazizira imatha kuchoka pa theka n'kuzima mwadzidzidzi. Kapawabanki kakang'ono ndi kachingwe kafupi zimapulumutsa. Koma khadi ya lifiti musaiike thumba limodzi ndi foni kapena makhadi a kubanki, geti limakana kuiwerenga. Majekete ambiri ali ndi kathumba pamkono wamanzere, n'ka ntchito imeneyo. Sungani mufoni nambala ya opulumutsa anthu ya pamalopo. Ku Ulaya 112 imagwira paliponse. Tenganinso mapu a pepala, sadya batire.

Dalitso: Nanga tizipika toika m'makutu a helemeti? Ine kutsetsereka ndi nyimbo kumandikomera kwambiri.

aNambewe: Achimwene, pamenepo sitigwirizana. Makutu ndi amene amakuuzani kuti kumbuyo kukubwera wina, ndiponso kuti pansi pasintha, mwafika poundana. Phokoso la ski limasintha musanaone n'komwe. Woyamba kumene asatseke makutu.

Dalitso: Ndimatsitsa voliyumu, ndipo si tolowetsa m'khutu, timakhala kunja.

aNambewe: Inu mwazolowera, mukudziwa zimene mukuchita. A Thoko asayerekeze chaka chino.

Chisomo: Pajekete yanga palembedwa RECCO. Ndiye kuti chipale chikagumuka n'kundikwirira andipeza?

aPhiri: Funso labwino, chifukwa ambiri amasokoneza. RECCO ndi kachidutswa kopanda batire kosokeredwa m'chovala. Sikatumiza kanthu pakokha, kamangobweza chizindikiro cha makina amene opulumutsa anthu amanyamula. Ndiye mudikire kuti iwo afike. Koma munthu wokwiririka mwayi wake waukulu uli m'mphindi 15 zoyambirira, zikadutsa umatsika mofulumira chifukwa mpweya umatha. Amene angamufukule nthawi imeneyo ndi anzake amene ali naye pomwepo. N'chifukwa chake otuluka kunja kwa njira zokonzedwa amanyamula zinthu zitatu, aliyense zake: transceiver, kachipangizo kopezera wokwiririka, yotumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz, ndodo yopindika yofufuzira, ndi fosholo yachitsulo. Foni ikhale kutali ndi transceiver masentimita 20 kapena kuposa, chifukwa imasokoneza. Ndipo zida zimenezi popanda maphunziro n'zachabe. Kwa inu ndi a Thoko nkhani ndi yosavuta: khalani m'njira zolembedwa zizindikiro, musadutse chingwe, zonsezi simuzifuna.

Thoko: Chingwe sindidutsa, musadandaule kkkk.

Mphatso: Chinthu chimene anthu amachikumbukira tsiku lachiwiri ndi mabuti onyowa. Thukuta limatsalira mkati, ndipo kuvala buti yonyowa m'mawa ndiye kuti phazi lizizira tsiku lonse. Malo ogona ambiri ali ndi chipinda choumitsira. Ngati mulibe, pali timakina tating'ono tolowetsa mubuti. Apo ayi solomolani chamkati chofewacho muchiimike m'chipinda chofunda. Pafupi ndi moto kapena pamwamba pa hita ayi, pulasitiki imapindika. Musasiye mabuti m'galimoto usiku, m'mawa amakhala olimba moti phazi sililowa. Ndipo mangani zomangira zake posunga kuti asataye maonekedwe.

Yamikani: Ngati mudzakonda masewerawa n'kufuna kugula chinthu chachikulu, yambani mabuti, osati ma ski, ndipo muikemo zopondera zoumbidwa molingana ndi phazi lanu. Koma zimenezo ndi za mtsogolo.

Dalitso: Kaloko ka chingwe ka snowboard nako. Pa lesitilanti matabwa amangoimikidwa panja, ena amatenga molakwitsa poti obwereka amafanana, ena amatenga dala. A ski ali ndi njira yaulere: sinthanani ski imodzi ndi mnzanu, muimike mapeyala osafananawo motalikirana. Wakuba safuna ski ziwiri zosiyana. Jambulaninso nambala ya ski zobwereka pafoni.

Thoko: Amuna anga ali pa snowboard, ndiye wosinthana naye ndilibe. Nditenga loko. Zikomo nonse. Ndiye ndikugula ma goggles, masokosi, magolovesi otsekera zala, kansalu ka m'khosi, mafuta a dzuwa ndi timapaketi totenthetsa. Iwo zoteteza manja ndi kabudula uja, afune asafune. Helemeti tikabwereka. Funso lotsiriza, zoteteza manjazo zimavalidwa mkati mwa golovesi kapena kunja?

Dalitso: Zilipo za mitundu yonse iwiri, ndipo magolovesi ena amabwera nazo zosokeredwa kale. Zambiri ndi zamkati, ndiye golovesi ikhale yokulirapo saizi imodzi. Agule zoteteza kaye, kenako akayese golovesi atazivala. Asankhe zopindika pang'ono, zofika chapakati pa mkono, osati zija zazifupi zolimba za ma skate.

aNambewe: Ndipo azikavala kuyambira ola loyamba, pa kaphiri ka ophunzira pomwe. Kugwa kwambiri kumachitikira pamenepo ndi potsika lifiti.

Chisomo: A Mphatso, timapaketi ta kumapazi tija mumamata pamwamba pa zala kapena pansi pa phazi?

Mphatso: Pamwamba pa zala, achemwali. Pansi mumatiponda, mpweya sulowa bwino, ndipo mubuti ya ski timapanga chibulu chimene chimakupwetekani pokhota.